Bango la Amalume: Za Kukweza Galimoto ndi Ndalama Zocepa

Ndifuna kukufotokozerani cimene cinandigwera pa nkhani ya galimoto, kuti kapena wina mwa inu amene ali ndi maganizo onga anga aja asunge ndalama zace, ndi moyo wa anthu amene awanyamula. Sindine makaniki ai, ndine mlimi wa soya ndi mtedza ku mapiri a ku Nchisi. Zimene ndidziwa ndinaziphunzira ndi manyazi, ndipo aphunzitsi anga anali amalume anga ndi bango limodzi la kudambo.

M'caka ca 2021 ndinagula galimoto yakale ya mtundu wa Toyota Hilux, yokoka ndi mawilo onse anai. Mtundu umenewu anayamba kuupanga ku Japan m'caka ca 1968, ndipo yokoka ndi mawilo anai inaturuka m'caka ca 1979. Yanga ndi ya 1994, ya mapangidwe akale aja: iri ndi ekiselo yathunthu kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo thupi lace likhala pa masipiringi a zitsulo zosanjikana, amene amangidwa pamwamba pa ekiselo ndi mabauti opindika ngati cilembo ca U. Pakati pa ekiselo iri yonse pali cimphika ca citsulo cimene amakaniki acicha difu, ndipo m'menemo ndimo mugawikira mphamvu ya injini kunka ku mawilo. Musaiwale cimphika cimeneci, pakuti nkhani yanga yonse yagona pa ico.

Kwathu kuno galimoto siikhala ya mwini yekha. Ikalowa m'mudzi isanduka ya onse: ndiyo inyamula feteleza, ndiyo ipita ndi cimanga kumsika, ndiyo itenga odwala usiku, ndiyonso ibwera ndi maliro. Koma mseu wathu ngwobvuta. Mvula ikagwa, malole olemera akumba ngalande ziwiri zakuya ndi mawilo ao, nasiya msana wautali pakati. Galimoto yaing'ono ikalowa m'ngalandemo, mimba yace ikhala pa msanawo, mawilo nangozungulira cabe.

Usiku wina wa mwezi wa February 2023 anandidzutsa mng'ono wanga, nati nthawi ya mkazi wace yakwana. Tinamgoneka mlamu wangayo kumbuyo pamodzi ndi amai awiri, ndipo tinanyamuka mvula iri kugwa. Pofika kudambo galimoto inakhala pa msana wa mseu, niikana kupita kutsogolo kapena kumbuyo. Amuna anakumba ndi makasu kufikira mikono inalema, koma osaphula kanthu. Potsiriza anamanga macira, namnyamula mlamuyo pa mapewa. Anacira mwana wamkazi mbanda kuca, atangofika kucipatala. Onse anakondwa, koma ine ndinatsala m'matope ndi mtima wowawa, ndipo ndinalumbira kuti dzinja lina lisadzandipeze galimoto yanga iri yaifupi comweco.

Nditakolola ndinapatula matumba a soya a nchito imeneyi, koma ndinazengereza, ndalama nizikhala m'nyumba. M'mwezi wa November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100, ndipo zitsulo zonse zocokera kunja zinakwera mtengo. Pamene ndinafika ku Lilongwe ndinapeza kuti masipiringi atsopano okwezera galimoto, amene abwera pamodzi ndi mashoki ace kucokera ku South Africa kapena ku Australia, mtengo wace unaposa zonse ndinali nazo. Ndiri kuyendayenda wokhumudwa, mnyamata wina wogulitsa zitsulo anandiitana, nati, “Bambo, mudzibvutiranji? Tengani mabuloko awa anai, tiwaike pakati pa ekiselo ndi sipiringi, galimoto ikwera mainchesi 3 lero lomwe.” Anali zidutswa za citsulo zonga njerwa zazing'ono, ndipo mtengo wace unali wocepa ndithu. Anazimanga tsiku lomwelo ndi mabauti atali amene anali nao, ine ndi kubwerera kumudzi ndalama zina zitatsala m'thumba.

Ha! galimoto inaima ngati tambala. Ana anaithamangira, akuru naizungulira ndi kuyamika, ine mtima unadzala. Koma madzulo ace anafika amalume, amene anayendetsa malole zaka zambiri asanapume. Sananene kanthu poyamba. Anandituma kudula bango, nagwada pansi ndi maondo ao okalamba, naimika bangolo pansi pa cimphika cija, nalidula molingana ndi mpata wa pakati pa cimphika ndi nthaka. Pamenepo anati, “Mphwanga, kodi usiku uja cinakhala pa msana wa mseu nciani?” Ndinati, “Ndi difu, amalume.” Ndipo anati, “Tsono wakweza ciani? Thupi lakwera, inde, koma ekiselo igona pa mawilo, ndipo mawilo ndi omwe aja. Cimphika ciri pamene cinali. Sunga bangoli, udzandiuza.” Anandicenjezanso kuti mabuloko a kutsogolo ndiwacotse msanga. Ine ndinayankha mwaulemu, koma mumtima ndinati, okalamba saona zatsopano.

Masiku oyamba omwe ndinazindikira kuti galimoto yasintha mayendedwe. Pa mabampu ciongolero cinali kugwedezeka cokha, ndipo pokhota thupi linapendekeka koposa kale. Kumbuyo kunali kumveka kugogoda pamene wilo linagwa m'dzenje. Zonsezi ndinazimva, koma ndinakhala cete, pakuti sindinafuna kuti mau a amalume aoneke oona.

Tsoka linadza mu January 2024. Ndinanyamula matumba a feteleza, ndi anthu atakhala pamwamba pace monga mwa masiku onse. Potsika citunda ca pafupi ndi kwathu, wilo lakumanzere linalowa m'ngalande ya madzi, galimoto niipendekeka kotero kuti mawilo a kumanja ananyamuka. Ndinaponda buleki, koma phazi linamira kufikira pafupi ndi pansi. Cimene cinatiimika ndi culu ca m'mbali mwa mseu. Amai ena acikulire a mudzi woyandikana anagwa pansi, nathyoka mkono. Palibe anamwalira, koma kufikira lero amaiwo sakhoza kugwira khasu bwino, ndipo ndikakomana nao panjira maso anga agwa pansi. Sanandiimbe mlandu, koma ine ndidziwa amene anacimwa.

M'mawa mwace amalume anabwera, ndipo sananditonze. Analowa nane pansi pa galimoto, nandionetsa cimodzi cimodzi. Shoki ya kumbuyo inali itaduka pa diso lace, cifukwa inali yaifupi, ndipo masiku onsewo inali kukokedwa kufikira mapeto ace. Kumeneko ndiko kunali kugogoda kuja. Paipi ya mpira yotengera mafuta a mabuleki kucokera ku thupi kunka ku ekiselo inang'ambika, pakuti nayonso anaipangira mpata wakale. Mabauti atali aja anali atamasuka, buloko limodzi la kutsogolo litasuntha pamalo pace. Ndipo anandifotokozera kuti pogwira buleki kulemera konse kuthamangira kutsogolo, ndipo pokhota ekiselo ya kutsogolo ikankhidwa cam'mbali. Cifukwa cace buloko likakhala pamenepo licita ngati mpini wotembenuzira ekiselo, ndipo likaturuka, ciongolero cilibenso nchito. Za kupendekeka anati, “Mtsikana akasenza mtsuko pamutu ayenda mosamala, koma akauika pa mpando pamutupo, afika nao kodi? Wakweza katundu ndi anthu omwe, osakuza mapazi.”

Tsono tinayamba nchito yaciwiri, ndipo ndiyo ndifuna muimve bwino, inu amene ndalama zanu ziri zowerengeka monga zanga.

Coyamba tinacotsa mabuloko onse anai, ndi kuyang'ana masipiringi. Tinapeza kuti galimoto inali yaifupi cifukwa masipiringi anatopa: zaka 30 za katundu zinawaongola, ndipo zitsulo ziwiri zinali zothyoka. Galimoto zambiri za kumidzi ziri comweco. Sizisowa kukwezedwa kopambana, zisowa kubwezedwa pa msinkhu wace. Tinagula zitsulo za masipiringi zogwirapo nchito, amalume naziyang'ana bwino ngati ziribe ming'alu, makamaka pa cibowo ca pakati. Tinasintha zothyokazo, ndi kuonjeza citsulo cimodzi pa sipiringi iri yonse. Galimoto inakwera monga mainchesi 2, ndiwo masentimita 5. Amalume anakana kupitirira pamenepo, nati kufikira muyeso umenewo ciongolero ndi mtanda wozungulira wocokera ku giya zikhoza kupirira, koma kuposa apo cinthu ciri conse ciyamba kufuna ndalama zace. Anakananso nzeru ya ena yotentha sipiringi ndi moto kuti ipindike, pakuti moto ucotsa kukhwima kwa citsulo, ndipo sicicedwa kugonanso kapena kuthyoka.

Caciwiri, mabauti a U tinagula atsopano ndi olimba, pakuti bauti yotere ikamangidwa kamodzi itanuka, ndipo siigwiranso bwino kaciwiri. Titayenda masiku owerengeka tinawamanganso ndi sipanala. Timipira ta kumapeto kwa masipiringi, timene aticha mabushi, tinasinthanso. Ndi tinthu tocepa mtengo, koma tikatha galimoto iyenda ngati munthu woledzera.

Cacitatu, mashoki. Ambiri aganiza kuti shoki ndiyo inyamula galimoto, koma si comweco ai. Sipiringi ndiyo inyamula, ndipo nchito ya shoki ndiyo kuletsa galimoto kudumphadumpha. Tinakweza thupi ndi jeke kufikira mawilo analendewera, ndi kuyesa mpata wa pakati pa pomanga shoki pamwamba ndi pansi. Tinayesanso galimoto itasenza katundu. Ndi miyeso iwiriyo tinafuna shoki yosatha kutalika kwace wilo likagwa m'dzenje, ndi yosagunda pansi pace katundu akalemera. Mapaipi a mabuleki tinaika ataliko. Ndipo panali kanthu kena kamene ine sindikadakadziwa: galimoto za mtundu uwu ziri ndi kacida kumbuyo koyesa kulemera kwa katundu, kolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo ka citsulo. Thupi likakwera, kacidako kayesa kuti galimoto iribe katundu, nikacepetsa mphamvu ya mabuleki a kumbuyo. Amalume anakweza pomangira kandodoko molingana ndi kukwera kwa thupi.

Cotsiriza, ndico cacikuru, matayala. Amalume anatenga bango lija, nati, “Cokweza cimphika ncimodzi cokha, ndilo tayala lalitali. Nchito yonse tacitayi ndiyo kulipatsa malo.” Matayala anga akale anali a 205R16, a msinkhu wa masentimita monga 73. Tinasankha a 7.50R16, amene ali monga masentimita 81, ndipo ngoonda, okhoza kudula matope. Koma zindikirani masamu ace: tayala likatalika masentimita 8, ekiselo ikwera masentimita 4 okha, pakuti iri pakati pa tayalalo. Ndinafuna kugula awiri poyamba, koma anandiletsa, nati galimoto yokoka ndi mawilo anai ifuna matayala a msinkhu umodzi, kuti ekiselo ziwirizo zisakanganirane liwiro ndi kuononga magiya. Cotero ndinadikira kukolola kwa 2024, ndi kugula onse pamodzi. Tsiku limenelo ndinaimika bango pansi pa cimphika, ndipo pamwamba pace panatsala mpata wa zala ziwiri. Ndinapita nalo kwa amalume monga anandiuza, iwo naseka, nati, “Kuona maso a nkhono nkudekha.”

Sindikubisirani kuti ciri conse ciri ndi mtengo wace. Galimoto ikakhala yopanda katundu tsopano igwedeza msana, cifukwa masipiringi alimba. Pa citunda injini ilema msanga, ndipo ndisintha giya kumene kale sindinasintha. Muyeso wa liwiro unama: ukaonetsa 50, ndiye kuti ndiri kuthamanga monga 55. Ndiponso sindilola munthu kukhala pamwamba pa matumba. Ngati anthu acuruka, ndibwerera kawiri, angakhale adandaule. Zala ziwiri zija sizinasandutsa galimoto kukhala thirakitala. Khasu ndi matabwa awiri ndiyenda nazo masiku onse a dzinja. Koma padambo paja ndadutsapo madzinja otsatira osakhala pa msana wa mseu, ndipo odwala ndafika nao.

Tsono mbale wanga, ngati ulinga kukweza galimoto yako ndipo ndalama ziri zocepa, usayambe ndi kufunsa cimene ciri cochipa. Yamba wagwada pansi, uone cimene cigunda nthaka. Ukonze masipiringi otopa, ugule mabauti atsopano, uyese mashoki ndi mapaipi a mabuleki, ndipo zotsala uzisungire matayala. Ngati ndalama sizifikira zonsezi caka cino, ndi bwino galimoto ikhale yaifupi caka cimodzi, koposa kuti iime pa njerwa za citsulo itanyamula ana a eni. Ndalama zimene ndinayesa ndapulumutsa ku Lilongwe ndinazilipira kawiri, ndipo amai aja analipira ndi mkono wao.

Bango lija liripo, ndinalitsomeka kudenga la khonde. Mwana uja anabadwa mbanda kuca ayenda tsopano, ndipo tsiku lina anafuna kulitenga aseweretse, koma ndinamdulira lina.