Ntchito Yonse Ili pa Matayala Awiri Akutsogolo

Galimoto yothamanga ikalowa m'galaja mwathu, ine sindithamangira kutsegula boneti. Ndimayamba ndanjuta pa tayala lakutsogolo n'kuyendetsa dzanja pamwamba pake, kuchokera kunja mpaka m'kati. Mwini wake akhoza kulumbira kuti galimotoyo imangodziwa njira ya kuntchito ndi ya kutchalitchi, koma tayala silimubisira. Likadyeka m'mphepete mwakunja, bwanayo amalowa m'makona ali paliwiro. Akutsogolo onse akasalala pamene akumbuyo akadali ndi mano, amakonda kunyamuka mwaukali pa maloboti. Likadyeka m'kati mokha, ndiye kuti mwina anagwera m'dzenje miyendo ya galimoto n'kupotoka, kapena anaitsitsa dala kuti izioneka bwino.

Umakaniko ndinaphunzirira ku Biwi mu Lilongwe, pa ma Hiace ndi ma Corolla otopa. Pano ndili ku Johannesburg, ndipo imene imandidyetsa ndi Volkswagen Golf GTI, ija anyamata a kuno amaiti vrr pha. Inenso ndili nayo yanga, Golf 5, yakale ndithu koma yosamalika.

Pa Hiace ntchito ndi yogawana: matayala akumbuyo amakankha, akutsogolo amawongolera. Pa Golf injini inagona chopingasa, giyabokosi ili pambali pake, ndipo mphamvu yonse imatsikira kutsogolo. Matayala awiri omwewo ndiwo amakoka galimoto, ndiwo amaikhotetsa, ndiwo amagwira kwambiri mukaponda buleki, komanso ndiwo asenza injini. Zili ngati ng'ombe za pa ngolo, zimene zimakoka komanso kusankha kolowera, ngoloyo n'kumangotsata. Pa Corolla ya mphamvu zochepa palibe amene amazindikira zimenezi. Koma GTI yoyamba ya mu 1976 inali ndi 81 kW, Golf 5 inabwera ndi 147 kW, Golf 7 ndi 162 kW, Golf 8 ndi 180 kW. Mphamvu yawirikiza n'kupitirira, matayala okoka akadali awiri omwe aja.

Ndiye pali tsoka lina limene galimoto yotere inabadwa nalo. Mukaponda moto mwamphamvu, kulemera kwa galimoto kumathawira kumbuyo, mphuno n'kudzuka. Matayala akutsogolo amapepukidwa pa nthawi yeniyeni imene akufunika kukanirira pa phula, choncho amangopalasa. Kupalasako n'kwabwinoko, kumangodya tayala. Choopsa ndi pamene tayala likugwira, kutaya, kugwira, kutaya, galimoto yonse n'kumachita gudugudu ngati wina akuimenya pansi. Mukamva zimenezo chotsani phazi msanga. Kugunda kumeneko ndiko kumang'amba mounting ya pansi pa injini, kumatha ma CV joint, nthawi zina kuthyola shafuti imene. Ndalama zambiri zimene ndimalandira kwa anyamata zimachokera pa masekondi ochepa amenewo, pa maloboti, pamaso pa anzawo.

Dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti, "Achimwene, galimotoyi ikumandilanda chiwongolero ndikaponda moto." Sikuti yawonongeka nthawi zonse. Giyabokosi ya Golf ili kumanzere, choncho shafuti yopita ku tayala lakumanzere ndi yaifupi, yakumanja ndi yaitali, ndipo sizinapendekeke mofanana. Mphamvu ikabwera yambiri mwadzidzidzi, matayalawo sakoka chimodzimodzi, chiwongolero n'kugwedezeka m'manja. Msewu ukakhala wopendekeka, kapena wokhala ndi ngalande zija amasiya mathiraki olemera, zimanyanya. Ine ndimayamba ndi zotsika mtengo: mpweya ngati uli wofanana mbali zonse, matayala ngati ali a mtundu umodzi, mabushi ngati sanathe. Zitatuzi zikakhala bwino, kukoka kotsalako n'kwachibadwa. Gwirani chiwongolero ndi manja awiri, musalimbane nacho, phazi lilowe pang'onopang'ono.

Opanga magalimoto anavutika nalo vutoli. Ford atatulutsa Focus RS mu 2009, ya 224 kW yonse kutsogolo, anakonza mwendo wakutsogolo mwatsopano n'kuutcha RevoKnuckle. Renault ali ndi wawo pa Mégane RS, Honda nawonso pa Civic Type R. Nzeru yake ndi imodzi: pamene tayala limazungulira pokhota pakhale pafupi ndi pakati pa tayalalo, kuti mphamvu ya injini isapeze pogwira popotoza chiwongolero. N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikaona munthu wagula malimu otambalala olakwika muyeso, kapena waika ma spacer kuti matayala atuluke kunja. Akatswiri anakhalira pansi kukankhira tayala m'kati, iye walipira ndalama kuti alibwezere kunja, mawa lake abwere kudzandiuza kuti galimoto yayamba misala.

Chimene chimasiyanitsa galimoto yamphamvu chabe ndi galimoto yokoma ndi difu. Difu wamba amapereka mphamvu ku tayala limene likuzungulira mosavuta. Pakona, tayala lam'kati limapepukidwa, ndiye mukaponda moto ndi lomwelo limene limapalasa pachabe, lakunja limene lagwira bwino phula silikupeza kanthu. Golf 5 yanga imatero. Pa Golf 6 anaika XDS, kompyuta imene imatsina buleki ya tayala lam'katilo kuti mphamvu iwolokere kunja. Imathandiza, koma imadya mapadi. Golf 7 ya Performance inabwera ndi VAQ, kachipangizo ka makilachi kamene kamamanga matayala awiriwo pamodzi pakafunika. Munthu woyamba kuyendetsa yotereyi amadabwa, chifukwa akaponda moto pakati pa kona, m'malo moti mphuno ithawire kunja, imakokeredwa m'kati. Kachipangizoka kali ndi oyilo wakewake, ndipo ambiri amene amagula galimotozi kwa anzawo sadziwa n'komwe kuti oyiloyo amasinthidwa.

Makasitomala anga amaloweza manambala a ku bwalo la mpikisano la Nürburgring ku Germany kuposa tsiku lobadwa la akazi awo. Golf GTI Clubsport S inazungulira bwalolo pa 7:49.21 mu 2016, Civic Type R inatsitsa kufika pa 7:43.8 mu 2017, Mégane RS Trophy-R n'kudzachita 7:40.1 mu 2019, onsewa okoka ndi kutsogolo. Munthu amandiwerengera zonsezi molondola, galimoto yake itavala matayala akaunjika a mitundu itatu.

Kayendetsedwe kake n'kosavuta kufotokoza, kovuta ndi kudziletsa. Tayala silingakhote ndi mphamvu zake zonse kwinaku likukokanso ndi mphamvu zake zonse. Chimodzi chikachuluka china chimachepa. Choncho buleki pondani galimoto ikadali yowongoka, lowani m'kona mofatsa, dikirani mpaka chiwongolero chiyambe kubwerera, kenako muzionjezera moto molingana ndi mmene chikubwereramo. Mukaona kuti mwakhotetsa koma galimoto ikungopita kutsogolo, musawonjezere kukhotetsa, matayala atopa kale. Pepukitsani phazi pang'ono, agwiranso. Ndati pang'ono. Mukalichotsa lonse mwadzidzidzi muli paliwiro, kulemera kumathamangira kutsogolo, kumbuyo n'kupepuka, ndipo matako a galimoto amatha kukupitirirani. Pa bwalo la Zwartkops kapena Kyalami odziwa amachita zimenezi dala kuti akhote msanga. Pa msewu wa N1, mvula ya mabingu ija imagwa masana m'nyengo yotentha itangoyamba, si zoseweretsa. Pa chifukwa chomwechi, munthu akagula matayala awiri okha atsopano ndimawaika kumbuyo. Apa timakangana nthawi zonse, poti iye akuona kuti amene amatha ndi akutsogolo. Ndimamuuza kuti kutsogolo kukaterereka phazi lake likhoza kukonza, koma kumbuyo kukaterereka ndi ochepa amene amakubweza.

GTI imakondedwa kuno pa chifukwa chinanso. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imafooka poyerekeza ndi mmene imakokera ku Durban. Ya turbo imadzipanikizira yokha mpweya, choncho imataya zochepa. Komatu turbo imeneyo imagwira ntchito yowirikiza, imatentha, imafuna oyilo wabwino ndi petulo wa 95. Ndiye pamabwera nkhani ya software, kusintha kompyuta ya injini kuti itulutse mphamvu zoposa za ku fakitale. Sindikana, injinizi zimalola. Koma ndimafuna ndione kaye matayala abwino, mabuleki, mabushi ndi kilachi. Wofuna kuyambira ku software ndimamulozera kwa ena, chifukwa mphamvu imene akugulayo ingothera mu utsi wa matayala m'giya yoyamba ndi yachiwiri.

M'badwo uliwonse wa galimotoyi uli ndi nthenda yake. Pa Golf 5 ndi cam follower, kachitsulo kakang'ono kokhala pakati pa pampu ya petulo ndi camshaft. Kamadyeka mwakachetechete, kakabooka kamawononga zonse ziwiri, chonsecho mtengo wake ndi wochepa ndipo kukayang'ana sikutenga ola. Pa Golf 6 mvetserani tcheni cha injini m'mawa poliza. Chikachita phokoso tensioner yafooka, ndipo chikadumpha mano mavalavu amakumana ndi mapistoni. Golf 7 imakonda kudontha madzi pa pampu, poti nyumba yake ndi ya pulasitiki. Giyabokosi ya DSG ya magiya 6 imafuna oyilo ndi sefa yatsopano pa makilomita 60,000 alionse, ndipo wogulitsa akalephera kukuonetsani pepala la ntchito imeneyo, tsitsani mtengo.

Chaka chikamatha amabwera abale akwathu amene akufuna kukaonekera kumudzi pa GTI, kudzera pa Beitbridge, Zimbabwe, Tete mpaka pa Mwanza kapena Dedza. Sindiwaletsa, galimotoyi imayenda ulendo wautali mosatopetsa. Ndimangowauza avule malimu a 19 aja, avale a 17 a tayala lokhuthala ngati mabuleki akulola, anyamule sipeya yeniyeni ndi oyilo wa injini yawo, ndipo tisanatsanzikane ndimayang'ana mphira zonse za ma CV, chifukwa imodzi ikang'ambika fumbi la kwathu silichedwa kumaliza joint. Mahampu aziwakwera chopingasa. Ndipo akafika pa chitunda chamatope cha pafupi ndi kwawo, matayala n'kuyamba kupalasa, asaitane anyamata oti akankhe msanga. Atembenuze galimoto akwere chobwerera m'mbuyo, kuti kulemera kutsamire pa matayala okokawo. Anthu a m'mudzi aseka ndithu, koma nthawi zambiri imakwera.