Ulendo wa pa Bwato pa Mtsinje wa Shire

Pa mudzi wina wa kufupi ndi Ulongwe, m'boma la Balaka, panali mnyamata wa Sitandade 5 amene ankadziwa kusambira kuposa anzake onse. Mvula ikagwa, madzi nkudzaza m'maiwe a kudambo, panalibe womupambana. Chifukwa cha ichi, iye ankadzitama kuti saopa madzi a mtundu uliwonse.

Tsiku lina amalume ake anafika kuchokera ku Mozambique kumene ankagwira ntchito. Anamubweretsera chipewa chofiira, ndiponso anaonetsa banja lonse chithunzi chodabwitsa. Pa chithunzipo panali chinsomba cha mawangamawanga oyera, ndipo pambali pake pankasambira anthu amene ankaoneka ngati tiana.

"Imeneyi ndiyo nsomba yaikulu koposa zonse pa dziko lapansi," anatero amalumewo. "Pa Chingerezi amaitcha whale shark. Imatha kutalika mamita 12, ngati basi yaikulu. Ndinaiona ku Tofo, m'chigawo cha Inhambane, pa nyanja yaikulu ya mchere. Ngakhale ili yaikulu chotere, siidya anthu. Imayenda itayasamula kukamwa, nkumasefa tizilombo ndi tinsomba ting'onoting'ono ta m'madzi. Nchifukwa chake anthu amapita pa bwato kukasambira pafupi nayo."

Kuyambira tsiku limenelo mnyamatayo sanaganizenso za china. Iyenso ankafuna kukwera bwato ndi kukasambira ndi nsomba zikuluzikulu. Bambo ake anamuuza kuti ku Tofo nkutali, koma analonjeza kuti akagulitsa thonje adzatenga banja lonse kukakwera bwato pa mtsinje wa Shire, ku malo osungirako nyama a Liwonde.

Sukulu zitatsekera, tsiku lija linakwana. Mayi anaphika mbatata ndi chinangwa cha pa ulendo. Analawirira m'mamawa anthu asanu: bambo, mayi, amalume, mnyamata uja ndi mlongo wake wamng'ono. Mnyamatayo anavala chipewa chake chofiira, ndipo m'kati mwa thalauza anavaliramo kabudula wosambirira osauza munthu.

Atafika pa Liwonde anaoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu Barrage ndi kulowa m'boma la Machinga. Bambo anawaonetsa zitseko zikuluzikulu zimene zili pansi pa mlathowo. Anafotokoza kuti Kamuzu Barrage inamangidwa m'chaka cha 1965, ndipo ntchito yake ndi kuchepetsa kapena kuchulukitsa madzi opita kumunsi, kumene amapangira magetsi ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira.

Pa doko anapeza woyendetsa bwato akuwadikira. Anali bambo wachikulire amene anaudziwa mtsinjewo kuyambira ali mwana. Anapatsa aliyense chovala chothandiza munthu kuyandama, kenaka anati, "Tisananyamuke, mverani malamulo atatu. Musaimirire m'bwato. Musapisitse dzanja m'madzi. Chinthu chikagwera m'madzi, chisiyeni, mungondiuza."

"Nanga tikasambira pati, bambo?" anafunsa mnyamata uja.

Woyendetsayo anamuyang'ana kanthawi. "Mwana wanga, muno samasambiramo. Muli eni ake."

Mnyamatayo anakhumudwa, ndipo mumtima mwake anaganiza kuti akuluakulu amangokonda kuopseza ana.

Injini inalira, ndipo bwato linayamba kukwera mtsinje. M'mbali monse munali bango ndi mitengo italiitali ya migwalangwa. Cha kum'mawa kunkaoneka phiri la Chinguni. Nkhwazi inatsika pa mtengo, nkuwakha nsomba ndi zikhadabo zake. Patsogolo pang'ono anaona nswala ndi njiri zikudya msipu m'mphepete mwa madzi.

Woyendetsa bwato anawauza kuti Shire amatuluka m'Nyanja ya Malaŵi ku Mangochi, nadutsa m'Nyanja ya Malombe, ndipo amakathira mu Zambezi ku Mozambique. Anatinso malo osungirako nyamawa anakhazikitsidwa m'chaka cha 1973. Kwa zaka zambiri anthu opha nyama mozembera anawononga kwambiri ndi misampha ya waya. M'chaka cha 2015 bungwe la African Parks linayamba kusamala malowa mogwirizana ndi boma. Linatchera mpanda ndi kuchotsa misampha yambirimbiri. M'zaka za 2016 ndi 2017, njovu pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi ku Majete zinasamutsidwira ku Nkhotakota.

Akulankhula choncho, mtsikana uja analoza kutsidya. Njovu zisanu zinali kumwa madzi, ndipo kamwana kanali pakati pa miyendo ya make. Woyendetsa anazimitsa injini kuti asazidzidzimutse. Onse anakhala chete, nkumamva njovuzo zikuthyola bango.

Mwadzidzidzi kunabwera mphepo, ndipo inaulutsa chipewa chofiira chija. Chinagwera m'madzi pafupi ndi bwato, nkuyamba kuyandama cha kumene kunali chipika chakuda. Mnyamatayo anaiwala malamulo onse atatu. Anadzambatuka, nkuwerama kunja kwa bwato, dzanja litatambasuka. Bwato linapendekeka, ndipo mlongo wake anakuwa.

Bambo ake anamugwira lamba ndi kumukokera m'kati mwamphamvu, mpaka onse awiri anagwera pansi m'bwatomo. Nthawi yomweyo chipika chija chinayenda. Chinali ndi maso awiri ndi mphuno. Inali ng'ona yaikulu imene inkawayang'ana nthawi yonseyi. Inamira pang'onopang'ono, ndipo pamadzipo panatsala mizere yozungulira.

Kwa kanthawi palibe analankhula. Mayi anagwira mkono wa mwana wawo osausiya, manja awo akunjenjemera. Mnyamata amene ankati saopa madzi anakhala pakati pa bwato, mtima ukugunda ngati ng'oma.

"Amenewa ndiwo eni ake ndimanena aja," anatero woyendetsa bwato mofatsa. "Ng'ona imabisa thupi lonse, nkusiya maso ndi mphuno zokha pamwamba. Imadikira nyama imene yawerama kuti imwe madzi. Iwe unawerama chimodzimodzi."

Analiza injini, ndipo chipewa chija anachisiya chikupita ndi madzi.

Ali pobwerera anapeza gulu la mvuu pakati pa mtsinje. Imodzi inali ndi mwana, ndipo inayasamula kukamwa nkuonetsa mano ake akuluakulu. Woyendetsa anazilambalala patali. Anafotokoza kuti mvuu imadya udzu pamtunda usiku, ndipo masana imakhala m'madzi. Imatha kumira kwa mphindi zisanu osapuma. Siidya nyama ngati ng'ona, komabe imagubuduza mabwato ikaona kuti mwana wake ali pa ngozi. Nthawi imeneyi mnyamatayo anamvetsera mawu onse, manja ali pa maondo.

Atatsika pa doko anakhala pansi pa mtengo wa mlambe kuti adye kamba wawo. Mnyamata uja anayandikira amalume ake, nkunena ndi mawu apansi, "Pepani amalume, ndataya chipewa chimene munandipatsa."

"Chipewa ndidzagula china, mphwanga, koma dzanja silipezeka m'sitolo," anayankha amalumewo. "Pali chinthu chimene sindinakuuze tsiku lija. Ku Tofo nakonso kuli malamulo. Munthu salowa m'madzi woyendetsa bwato asanalole. Nsomba ija saikhudza, ndipo sayandikira mchira wake. Amene amabwerako bwino ndi amene amamvera odziwa madziwo."

Kenaka mnyamatayo anapita kwa woyendetsa bwato. Anapepesa chifukwa cha kusamvera kwake, ndipo anathokoza. Bamboyo anamugwira paphewa nati, "Mawu a akulu akoma akagonera. Udzabwerenso, mtsinjewu uli ndi zambiri zoti uone."

Sukulu zitatsegulira, aphunzitsi anauza ana kuti alembe chimangirizo cha zimene anachita pa tchuthi. Mnyamata uja analemba za nkhwazi, za njovu zisanu, ndi za chipika chimene chinali ndi maso. Akufunabe kudzapita ku Tofo akadzakula. Koma tsopano akafika pa madzi achilendo, amayamba wafunsa anthu a pamalopo asanavule malaya.

Mafunso

1. Kodi nsomba yaikulu koposa zonse pa dziko lapansi imadya chiyani?
2. Tchulani malamulo atatu amene woyendetsa bwato anapereka.
3. Kodi ntchito ya Kamuzu Barrage ndi yotani?
4. Nchifukwa chiyani mnyamata uja anaganiza kuti ng'ona ndi chipika?
5. Kodi amalume ankatanthauza chiyani ponena kuti dzanja silipezeka m'sitolo?
6. Lembani ziganizo zisanu zofotokoza ulendo umene inu munayenda pa tchuthi.