Kabokosi Kolira Ngati Nkhukundembo

M'nkhalango za ku Amereka mumapezeka nkhukundembo zakutchire. Mbalamezi n'zochenjera ndiponso maso ake ndi akuthwa, kotero kuti mlenje akangoponda tsatsa louma, basi zonse zathaŵa. Chifukwa cha ichi alenje a kumeneko sazithamangitsa. Iwo amakhala patsinde pa mtengo m'bandakucha ndi kuziitana kuti zibwere zokha. Nthaŵi yabwino ndi m'miyezi ya Epulo ndi Meyi pamene atambala ake amafunafuna zazikazi. Mlenje amatsanzira kulira kwa thadzi, ndipo tambala akamva amayankha nasendera pafupi.

Kalekale Azungu asanafike, eni dziko ankaitana mbalamezi ndi mafupa a phiko la nkhukundembo yomwe. M'chaka cha 1897 bambo wina wa ku Arkansas, dzina lake Henry Gibson, analandira chikalata cha boma chosonyeza kuti ndiye mwini luso la kabokosi koitanira. Kabokosiko n'kathabwa, kokwana m'dzanja, ndipo chivindikiro chake chimamangidwa mbali imodzi yokha. Mlenje amapaka choko kunsi kwa chivindikirocho ndi kuchikhuza pamlomo pa kabokosi. Apo kamalira ngati thadzi.

Poona kabokosika munthu angayese kuti nayenso akhoza kukasema, koma ntchito yake si yamaseŵera. Mmisiri amasankha thabwa louma bwino la mtengo wa walnut kapena cedar, naligoba m'kati pang'onopang'ono. Chinsinsi chagona m'mbali mwa kabokosi. M'mbalimo mukachindikala, mawu amatuluka ogonthera. Mukapyapyala kwambiri, mawu amakhala osokosera, ndipo thabwa lopalidwa silibwezeka. Motero mmisiri amapala pang'ono, n'kuliza, n'kutchera khutu, kenaka n'kupalanso. Akangopyola muyeso, ntchito ya masiku ambiri yapita pachabe. N'chifukwa chake amisiri enieni, monga malemu Neil Cost wa ku South Carolina, amatchuka chifukwa cha khutu lawo kuposa manja awo.

Chaka chilichonse m'mwezi wa Febuluwale, amisiri otere amasonkhana mumzinda wa Nashville kukapikisana. Mpikisanowu amakonza ndi bungwe la National Wild Turkey Federation, limene linayamba m'chaka cha 1973. Zoitanira zina zimapikisana pa kukongola. Pa izi mmisiri amasemapo nthenga, masamba kapena mbalame yathunthu. Zina zimapikisana pa kaliridwe, ndipo oweruza amaziliza chimodzichimodzi ndi kumvetsera ngati zingapusitse tambala. Gawo lachiŵirili ndilo lovuta, pakuti utoto wonyezimira sungabise mawu oipa. Mwini kabokosi amangodikira, mtima uli m'mwamba.

Chodabwitsa n'chakuti amisiri ambiri sabwerera kwawo ndi zimene anasema. Akatha kuweruza, zoitanirazo amazigulitsa kwa amene watchula mtengo waukulu, ndipo ndalama zake zimathandiza ntchito yosamala nkhalango ndi mbalamezi. Alenje sanaiŵale kuti m'zaka za m'ma 1930 nkhukundembo zakutchire zinatsala pang'ono kutheratu chifukwa cha kusaka kopanda malire ndi kudula mitengo. Lero zilipo mamiliyoni angapo. Mmisiri akafika kwawo amasankha thabwa lina, nayamba kugoba kabokosi ka chaka chamaŵa.