Ndimayamba ndi Kayendedwe

Lachiwiri lililonse odwala anga asanakhale n'komwe pampando, ine ndimakhala nditayamba kale kuwayeza. Ndimaona mmene akulowera pakhomo. Munthu amene mankhwala amuyanja amayenda akuponya mikono ngati wina aliyense. Amene amuchulukira amalowa mikono ili gwa m'mbali, mapazi akukwekwesa pansi, nkhope ili duu ngati sakukudziwa, mwina dovu likutsika pambali pa mlomo. Ndine namwino wa matenda a maganizo pachipatala cha m'boma lathu, ndipo ntchito yanga yambiri ili m'maso.

Mankhwala amene timadalira si ambiri. Pali chlorpromazine, amene odwala akalekale amawatchulabe kuti Largactil, omwe madokotala a ku Paris anayamba kuperekera odwala misala mu 1952. Pali haloperidol, wopangidwa ku Belgium mu 1958, ndi jakisoni wa pamwezi wa fluphenazine. Ndi mankhwala okalamba, koma sindilola munthu kuwanyoza. Ndinaonapo bambo atabwera pangolo, atamangidwa ndi zingwe, akumva mawu omuuza kuti akazi awo athira chiphe m'ndiwo. Patapita milungu itatu anandifunsa ngati mvula yagwa kumudzi.

Vuto lake ndi ili: mankhwalawa amatontholetsa mawu aja pochepetsa mphamvu ya dopamine mu ubongo, koma dopamine yemweyo ndi amene amafewetsa kayendedwe ka thupi. Ukathira madzi pamoto, nkhuni nazonso zimanyowa.

Ndinaphunzira zimenezi mowawa nditangoyamba kumene ntchito. Mnyamata wina ndinamulembera haloperidol, ndipo tsiku lachitatu anamubweza pakabaza khosi litapindikira kumbali, maso atatembenukira kumwamba, lilime lili kunja. Mayi ake ankanjenjemera.

"Adokotala, ife tinanena kuti izi si zakuchipatala. Taonani, mizimu yakwiya."

"Ayi mayi, khalani pansi. Awa ndi mankhwala athu omwewa, ndipo ali ndi chithetso chake."

Tinamubaya promethazine n'kumupatsa benzhexol, amene aliyense amawadziwa kuti Artane, ndipo ola lisanathe khosi linawongoka. Koma wolakwa ndinali ine, chifukwa sindinawachenjeze. Chikhala kuti kwawo kunali kutali, akanatembenukira kwa sing'anga, mapiritsi akanaponyedwa m'chimbudzi, ndipo mnyamatayo sitikanamuonanso. Kuchokera tsiku limenelo sindipereka mankhwalawa ndisanapinde khosi langa pamaso pa gadiyani kuti aone chimene ndikunena. Za asing'anga ndi mapemphero sindikangana nazo, poti ambiri amafika kwa ine atadzera konko. Ndimangopempha kuti akamapita kumeneko mapiritsi asasiye.

Pali china chonyenga kwambiri. Wodwala amalephera kukhala pansi, amangopondaponda, miyendo ikumuyabwa mkati. Wosazolowera amati matenda akula, n'kuwonjezera mankhwala, osadziwa kuti akuwonjezera chomwe chikumuzunzacho. Ndipo munthu wa mankhwalawa akatentha thupi, akauma ngati thabwa n'kuyamba kusokonezeka, malungo timayezadi, koma mankhwala timaimitsa nthawi yomweyo n'kumugoneka, chifukwa zimenezo zimapha. Agogo amene amwa Largactil zaka zambiri ndimawayang'ana pakamwa. Milomo ikamatafuna popanda chakudya, ndiye kuti tachedwa, poti kawirikawiri sizitheratu.

Zomwe zimasiyitsa anthu mankhwala kwenikweni ndi zimene sanena. Ndimatulutsa kaye gadiyani, n'kutsitsa mawu.

"Achimwene, kunyumba zikuyenda bwanji ndi alamu?"

Amayamba wayang'ana pansi, kenako amamasuka. Mphamvu zatha, mkazi wayamba kukayika. Mayi wina wasiya kusamba pomwe alibe pakati, mawere akutuluka mkaka, apongozi ayamba kunong'ona. Wina tulo tamuchulukira moti dzuwa limatuluka ali pamphasa anzake atamaliza mizere khumi, ndipo pamudzi amutcha waulesi. Munthu wotere akasiya mankhwala, ena amalemba m'kabuku kake kuti ndi wosamvera. Ine mawu amenewo amandipweteka. Iye wangosankha pakati pa banja lake ndi mapiritsi athu, popeza palibe amene anamufunsa.

Odwala matenda okhumudwa sabwera akunena kuti akhumudwa. Amati mutu, amati mtima ukuthamanga, tulo kulibe, nsima sikulowa. Ukafunsitsa ndi pamene amati, "Ndikuganiza kwambiri." Ambiri amakhala atamwa kale panado ndi mankhwala a malungo kangapo konse. Amitriptyline amathandiza, koma amaumitsa kukamwa, amadzimbitsa, ndipo phindu lake limayamba kuoneka pakadutsa milungu iwiri mpaka inayi. Zoipa zimatsogola, zabwino zimabwera pambuyo, choncho ndimanena zimenezi poyera kuti munthu asataye mtima. Ndimafunsanso mosazungulira ngati waganizapo zodzipha. Kufunsa sikumuika munthu maganizowo; ambiri mtima umakhala pansi kuti wina wawamva. Akavomera, sindimupatsa mapiritsi a mwezi wonse, ndipo ochepawo amasunga ndi m'bale wake. Komanso piritsi silibweza ngongole kapena kuukitsa mwana amene anamwalira. Ameneyo amafunika kukhala naye pansi n'kumumvetsera.

A khunyu nawonso amabwera tsiku lomwelo, ngakhale kuti khunyu si misala. Kwa iwo ndimatsegula kabuku tsamba ndi tsamba. Carbamazepine amafooketsa mapiritsi olera, kachipangizo kolera koika pamkono, ngakhalenso ma ARV ena, ndipo akatulutsa zilonda pakhungu ndi m'kamwa, munthu abwere tsiku lomwelo. Sodium valproate amatha kuvulaza mwana m'mimba, ndiye mtsikana aliyense ndimakamba naye za uchembere tisanayambe.

Chondilemera kwambiri ndi mwezi umene Artane watha, kapena jakisoni sanabwere. Munthu wayenda kuyambira m'bandakucha, wagulitsa nkhuku kuti apeze ya thiransipoti, ine n'kumuuza kuti akagule kufamase. Amene zawavuta kwambiri timawatumiza kuchipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, koma ambiri sakanafika pamenepo akanapeza mankhwala awo pa nthawi yake.

Bambo a pangolo aja amabwerabe. Mwezi wa Okutobala anandiuza kuti khasu likuwalemera, manja akunjenjemera. Tinagwirizana kuti titsitse mankhwala pang'ono, akazi awo azionetsetsa ngati ayambiranso kusagona kapena kulankhula okha, ndipo abwere pakatha milungu iwiri m'malo mwa mwezi. Ndinagona ndi nkhawa masiku amenewo, chifukwa kutsitsa mankhwala nthawi zina kumadzutsa matenda. Tsiku lawo litakwana ndinaima pakhomo. Anatulukira pakona akuponya mikono, mapazi ali ndi dothi la kumunda.