Kuvutika maganizo pantchito: zomwe ndaona ku England ndi kwathu

Abale anga a kumudzi ndi inu muli kuno kunja, pali nkhani yomwe yakhala ikundisowetsa mtendere: ya munthu amene mtima wake walemedwa, tulo sakupeza, koma kukacha ayenera kudzuka n'kupita kuntchito. Ndinagwirapo ntchito mu ofesi ku Blantyre, pano ndimasamalira okalamba ku Manchester, ndiye mbali zonse ziwiri ndaziona ndi maso anga.

Kuno nkhawa yopitirira muyezo ndi kukhumudwa kosatha amaziwerengera ngati matenda enieni. Ukadwala, masiku 7 oyamba umangodziwitsa abwana popanda kalata ya dokotala. Zikapitirira, dokotala amakulembera kalata, ndipo akhoza kulembapo kuti ubwerere pang'onopang'ono, maola ochepa kaye kapena ntchito yopepukirako. Lamulo la Equality Act la 2010 limati matenda a maganizo akakhala aakulu ndi okhalitsa, miyezi 12 kapena kuposerapo, wolemba ntchito ayenera kusintha zina ndi zina kuti wodwalayo athe kugwirabe ntchito. Makampani ambiri amalipiriratu opereka uphungu oti uziwaimbira mwachinsinsi, abwana osamva zomwe wanena. Palinso bungwe la Samaritans, lomwe nambala yake 116 123 ndi yaulere usana ndi usiku.

Koma musaganize kuti kuno kulibe misozi. Ambirife tinabwera pa viza yomangiriridwa kwa wolemba ntchito mmodzi. Ntchito ikatha, umakhala ndi masiku 60 oti upeze wina wokuimira, apo ayi uzibwerera kwanu. Ndiye ndani angalimbe mtima kuuza abwana kuti mutu sukuyenda bwino? Timagwira mashifiti a maola 12, ena a usiku, ndipo mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Mu Malichi 2024, obwera kumene kudzasamalira okalamba analetsedwa kubwera ndi mabanja awo. Ukaweruka umafikira m'chipinda momwe mulibe wokufunsa kuti waswera bwanji, ndipo foni ikalira ndi ya fizi, ya feteleza kapena ya matenda kumudzi.

Kwathu pali chinthu chomwe timaposa nacho anthu a kuno kutalitali. Maliro akagwa kwa mnzathu wa pantchito, komiti ya welofeya imasonkhetsa chipepeso tsiku lomwelo, kampani imatulutsa galimoto, anzako amagona pasiwa ndipo ena amakuperekeza mpaka kumudzi. Kuno ukaferedwa, kawirikawiri amakupatsa masiku ochepa ndi khadi yosainidwa ndi anzako, basi.

Chondipweteka n'chakuti chifundo chathucho chimadikira imfa. Munthu wamoyo akayamba kufika mochedwa, kukhala payekha, kumveka fungo la mowa m'mawa, timati ndi ulesi, kapena walodzedwa, kapena wayamba chamba. Akakhala bambo timamuuza kuti mwamuna salira. Chonsecho lamulo la Employment Act la 2000 limapereka tchuthi cha matenda kwa amene wagwira ntchito miyezi 12: masabata 4 pamalipiro onse ndi masabata 8 patheka la malipiro chaka chilichonse. Thandizo liliponso ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Koma ndani angapereke kwa abwana kalata yochokera kumeneko, akudziwa kuti pofika masana ofesi yonse ikhala itamva, ndipo dzina loti wamisala limumatirira mpaka adzapume pantchito?

Tisabisenso gwero la zambiri mwa izi, lomwe ndi ndalama. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu inakwera, koma malipiro a anthu ambiri anatsalira m'mbuyo. Malipirowo akachedwa, munthu amathamangira kwa akatapila, ndipo ena amasiya khadi yawo ya kubanki komweko ngati chikole. Malipoti a apolisi akhala akusonyeza kuti ambiri mwa odzipha kwathu ndi amuna, ndipo ngongole ndi mikangano ya m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Kuitana mlangizi kamodzi pachaka kudzalankhula za kupuma mokoka mpweya sikungachize munthu amene landilodi wamutsekera nyumba.

Mabwana a kwathu, lipirani anthu nthawi yake. Sankhani munthu mmodzi wodziwa kusunga chinsinsi yemwe antchito angamufikire, ndipo kalata ya dokotala wa maganizo muziilandira monga mumalandirira ya malungo. Inu a komiti ya welofeya, patulaniko zina mwa zosonkhazo kuti zithandize wodwala akali moyo. Ndipo anzanga muli kuno, kuonana ndi dokotala wanu (GP) sikuphwanya malamulo a viza yanu, ndipo zomwe mungamuuze sakafotokozera abwana anu popanda chilolezo chanu. Ngati mukusowa tulo ndipo mtima walemedwa, muimbireni mawa m'mawa.