MZINDA WA CHIPATA UDZIWIKA NDI MAPAZI

Mlimi wa ku Chipangali amayenda mtunda wautali kupita ku munda osadandaula. Koma akatsika basi ya mu mseu wa Lundazi nalowa mu Chipata, afuna njinga yomnyamula ngakhale kumene apita kuli pafupi. Awerengi athu, kutero ndiko kudzimana.

Chipata, amene dzina lake lakale linali Fort Jameson, anakwezedwa kukhala mzinda m'caka ca 2017, koma akali malo oti munthu angathe kuwazungulira wapansi. Lawirirani m'mawa dzuwa lisanakule. Yambirani pa msika wa Kapata, pitirani ku Down Shops kumene kuli masitolo akale a amwenye, ndipo ngati mawondo alola, kwerani phiri la Kanjala. Pamwamba pake mudzaona mzinda wonse uli gone pakati pa mapiri, thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda bwino.

Njala ikakupezani, musathamangire vitumbuwa ndi zakumwa zotsekemera. Pa msika pali nshawa zowiritsa, kandolo, nthoci, ndi masuku pa nyengo yake. Zipatso muzitsuke ndi madzi abwino musanadye. Masana funani nsima ya mgaiwa ndi cibwabwa cotendera, monga kwanu.

A zaumoyo acenjeza kuti matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amakonda munthu wongokhala, wodya zamafuta. Mphamvu imene khasu linakupatsani musaitaye m'tauni. Mubwerere nayo ku Chipangali, pakuti munda ukudikirani.