Zilembo za Chitchaina zandikumbutsa phiri lathu

Mwana wanga wamkazi, chitsirizira uja, wayamba kuphunzira Chitchaina pafoni, akufuna ntchito yomasulira. Dzulo ndinamupeza atagwira tsaya, akuti, "Adada, zilembo izi sizikulowa m'mutu." Ine wa sitandade 6 ndinati tabweretsa tione.

Chilembo cha mtengo, 木, ndi mtengo womwe: thunthu, nthambi, mizu. Ikakhala iwiri, 林, ndi nkhalango. Itatu, 森, nkhalango yowirira. Munda, 田, wagawidwa panayi ngati dimba langa. Munthu wotsamira mtengo, 休, ndiye kupuma. Ndinamuuza kuti chilembo chilichonse azichipezera mnzake pakhomo pano, sadzaiwala.

Koma titafika pa makala, 炭, ndinangoti kakasi. Pamwamba phiri, pansi moto. Si Kaning'ina wathu ameneyu? Ndili mnyamata nkhalango yake inali ya mitengo itatu ija. Lero mbali zina yatsala ya umodzi. Sindibisa, inenso ndinaotchako makala chaka china cha njala. Ndipo inu a m'tauni, madzi a damu la Lunyangwa amene mumamwa amatsika m'mapiri omwewa.

Atchaina ali ndi mwambi woti mtengo umodzi supanga nkhalango. Mwana anaugwira msanga nditamukumbutsa wathu uja, mutu umodzi susenza denga.

Mvula ikayamba ndibzala mbande za mbawa kumalire kwa munda. Koma ndekha sindikwanitsa chilembo chachitatu chija. Ndani abwera ndi khasu?